Chilonda cha m'kamwa chikapitirira masabata atatu, achione ndani?

Pa matenda onse amene Amalawi timawapeputsa, zilonda za m'kamwa zili m'gulu loyamba. Palibe amene amapempha tchuthi kuntchito chifukwa cha kachilonda ka pa lilime, ndipo wophunzira amene angauze mphunzitsi kuti walephera kubwera m'kalasi chifukwa m'kamwa mwatuluka zilonda akhoza kusekedwa mpaka semesita kutha. Timangotafunira mbali inayo, kupewa tsabola ndi chinanazi, n'kumadikira kuti zipole. Nthawi zambiri sitilakwitsa, chifukwa zimapoladi zokha. Koma pa zilonda zambirimbiri zotere pamapezeka chimodzi chimene sichipola, ndipo chimenecho chimafuna diso la katswiri amene munthu wa kumudzi sangamupeze pafupi. Maganizo anga ndi awa: dziko lathu likhazikitse njira yoti chithunzi cha chilonda chokayikitsa chizifika kwa katswiri msanga, wodwalayo asanagulitse mbuzi kuti apeze thiransipoti.

Ine ndimaphunzira za zilankhulo ndi chikhalidwe cha anthu, choncho mundilole ndiyambire pa mawu. Tikamati "zilonda za m'kamwa" timaponya zinthu zosiyana kwambiri m'thumba limodzi. Pali tizilonda tozungulira, toyera pakati komanso tofiira m'mbali, timene timatuluka mkati mwa mlomo kapena mwa tsaya. Timeneti ndi tomwe timavuta ambiri a ife nthawi ya mayeso, pamene tulo tachepa, nkhawa yachuluka ndipo ndiwo zake ndi soya tsiku ndi tsiku. Timapweteka kwambiri koma sitipatsirana, ndipo timapola pakatha sabata imodzi kapena awiri. Tikamabwerabwera, nthawi zina chimakhala chizindikiro choti m'thupi mwachepa ayironi kapena mavitamini monga B12. Pali matuza a pamlomo amene amatuluka munthu akadwala malungo kapena chimfine. Amenewa amayamba ndi kachilombo ka herpes ndipo amapatsirana. Pali chilonda chimene chimabwera chifukwa dzino lobenthuka likukhula lilime, chimene chimapola dzinolo likakonzedwa. Pali zoyera zonga mkaka wogona zimene zimamatira pa lilime, zofala kwa makanda ndi kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Chindoko ndi TB nazo zimatha kuonekera m'kamwa. Ndiye pali khansa.

Zonsezi timazitchula ndi dzina limodzi, ndipo dzinalo limatiuza kuti ndi nkhani yaing'ono. Mankhwala ake timawadziwa tonse: kuchukucha madzi a mchere, kupaka jivi, kapena kugula kapisozi pagolosale n'kuthira ufa wake pachilondapo. Madzi a mchere alibe vuto. Koma kapisozi sachiza tizilonda ta nthawi ya mayeso tija, chifukwa sitiyamba ndi mabakiteriya, ndipo amene amaika asipulini pachilonda amangowotcha mnofu n'kuwonjezera bala lina.

Chomwe chimandiopsa pa khansa ya m'kamwa n'chakuti poyamba nthawi zambiri sipweteka. Kachilonda ka mayeso kamakulepheretsa kudya nsima yotentha, pomwe chilonda choopsacho chimatha kukhala phee m'mbali mwa lilime kapena pansi pake kwa miyezi, mwini wake akulima ndi kudya monga mwa masiku onse. Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma. Chikamayamba kupweteka, kununkha kapena kulepheretsa munthu kumeza, nthawi zambiri chimakhala chitafalikira kale m'khosi. Khansa imeneyi ikapezeka idakali yaing'ono, madokotala amatha kuichotsa ndi opaleshoni munthu n'kupitiriza moyo wake. Ikapezeka mochedwa, mwayi wochira umatsika kwambiri, ndipo ngakhale wochirayo amatha kutaya mbali ya lilime kapena nsagwada. N'chifukwa chake madokotala ali ndi lamulo losavuta kukumbukira: chilonda cha m'kamwa chosadziwika chiyambi chake chikapitirira masabata atatu, chionedwe ndi wodziwa. Ku England malangizo a bungwe la NICE amati munthu wotere atumizidwe mwachangu kwa katswiri ngati woganiziridwa khansa.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu si ife a pa koleji. Ndi amalume amene asuta chingambwe kuyambira unyamata wawo, abambo amene tsiku silitha osalawa kachasu, ndi agogo aakazi amene amaika fodya wofwenkha kunsi kwa mlomo. Fodya ndi mowa zikaphatikizana, chiopsezo chimakwera kuposa chimodzi pachokha. Palinso nkhani ya HIV. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba m'dziko muno ali ndi kachilomboka, ndipo m'kamwa ndi amodzi mwa malo amene kutsika kwa chitetezo kumayamba kuonekera. Khansa ya Kaposi, imene ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa amuna kuno kwathu, imatha kuyamba ngati banga lofiirira kumwamba kwa m'kamwa. Kwa ana lamulo la masabata atatu lija siligwira n'komwe. Matenda a noma, amene amagwira ana onyentchera a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, amayamba ngati kachilonda ka pa nkhama n'kudya tsaya m'masiku ochepa chabe, pomwe akagwidwa msanga amachizika ndi mankhwala wamba opha mabakiteriya ndi chakudya chabwino. Mu Disembala 2023 bungwe la WHO linaika noma pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha.

Tsono funso n'lakuti, munthu wa ku Chitipa, ku Makanjira kapena kumapiri a ku Neno akakhala ndi chilonda chotere, achione ndani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 pa 100 alionse ankakhala kumudzi. Nthawi yomweyo dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50, ambiri mwa iwo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena m'zipatala zolipira. Kwa zaka zonse kuchokera pamene tinalandira ufulu wodzilamulira, wofuna kukhala dokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja. Zinthu zinayamba kusintha mu 2019, pamene College of Medicine, imene tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inatsegula maphunziro a udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito ya MalDent, ndi thandizo la boma la Scotland. Mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. Izi ndi zoyamikirika. Koma sukulu imatulutsa madokotala ochepa pa chaka, ndipo kuti mmodzi wa iwo afike pokhala katswiri wa matenda a m'kamwa kapena wa opaleshoni ya nsagwada pamafunika zaka zina zowonjezera. Agogo amene ali ndi chilonda lero sangadikire zimenezo.

Amene akugwira ntchito yaikulu m'maboma ndi ma dental therapist, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, amene tonse timangowatchula kuti adokotala a mano. Tsiku lawo limathera pa mzere wa anthu ofuna kuzulidwa mano. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi nthawi zambiri sipakhala ngakhale iwowo. Pamakhala medical assistant mmodzi ndi namwino, amene akuona ana a malungo, amayi oyembekezera ndi odwala chifuwa mpaka dzuwa kupendeka. Munthu akabwera ndi chilonda cha pa lilime, wachipatalayo ali ndi njira ziwiri zokha. Akhoza kupereka mankhwala ochukucha ndi panado n'kumuuza kuti apite kunyumba, kapena kumulembera kalata yopita ku chipatala cha boma, kumene mwina akamulembera ina yopita ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Njira yoyamba ikhoza kubweza kunyumba munthu wa khansa. Yachiwiri ikhoza kutumiza ulendo wa masiku awiri munthu amene amangofunika kumusalazira dzino. Ndipo banja limene lagulitsa chimanga cha m'nkhokwe chifukwa cha ulendo wopanda phindu silifulumira kupitanso tsiku limene ulendowo udzakhale wofunikadi.

Apa ndi pamene foni ingathandize. M'kamwa muli ndi mwayi umene chiwindi kapena mapapo alibe: mumaoneka. Sipafunika makina a X-ray kuti uone chilonda cha pa lilime. Pamafunika tochi, kathabwa kopanikizira lilime ndi kamera. Wachipatala wa kumudzi akhoza kujambula zithunzi ziwiri kapena zitatu, n'kuyankha mafunso ochepa: wodwalayo ali ndi zaka zingati, chilondacho chatha masabata angati, amasuta kapena kumwa mowa, anayezetsa magazi, chilondacho n'cholimba akachikhudza, m'khosi muli mwanabere. Zonsezi n'kuzitumiza kwa katswiri, amene angaziwerenge pa nthawi yake n'kuyankha chimodzi mwa zitatu: chizani pomwepo ndi mankhwala awa, muoneninso pakatha masabata awiri, kapena mutumizeni kuno tsiku lakuti. Sipafunika kuimbirana pa vidiyo, kumene kumadya bandulo n'kumadukaduka. Chithunzi chimatha kudikira mpaka netiweki itabwera.

Zimenezi si maloto a mwana wa sukulu. Ku Brazil, m'dera la Rio Grande do Sul, kuyambira 2015 kuli ntchito yotchedwa EstomatoNet, imene madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono amatumizira zithunzi za zilonda za m'kamwa kwa akatswiri a pa yunivesite ya ku Porto Alegre. Chimene anapeza n'chakuti odwala ambiri amene akanatumizidwa kwa katswiri anathandizidwa kwawo komweko, ndipo malo anatsalira amene ankafunikiradi kuonedwa. Ku India, m'boma la Trivandrum ku Kerala, anaphunzitsa anthu a zaumoyo amene si madokotala kuyenda khomo ndi khomo n'kumayang'ana m'kamwa mwa anthu. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2005, zinaonetsa kuti imfa za khansa ya m'kamwa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa osuta ndi akumwa mowa. A ku Kerala analibe mafoni a kamera pamene ankayamba. Phunziro lake n'lakuti diso la munthu wamba wophunzitsidwa bwino limapulumutsa moyo, bola kumbuyo kwake kukhale katswiri wotsimikizira.

Nafenso sitikuyambira pa ziro. Tili ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA, amene amadziwa khomo lililonse m'dera lawo, ndipo ambiri azolowera kale kutumiza malipoti pafoni. Tili ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011 pofuna kuthandiza amayi ndi ana, kenaka chinafalikira dziko lonse n'kuperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Chimenechi chinaonetsa kuti Amalawi amakhulupirira uphungu wa zaumoyo wa pafoni ukakhala waulere komanso wa m'chilankhulo chawo. Komanso si chinsinsi kuti azachipatala amatumizirana kale zithunzi pa WhatsApp pofunsana nzeru. Vuto n'lakuti zimenezi zimadalira kudziwana. Wachipatala amene anaphunzira limodzi ndi munthu wa ku chipatala chachikulu amapeza yankho usiku womwewo, pomwe mnzake wopanda nambala ya aliyense amangoganizira yekha. Moyo wa wodwala usadalire kuti amene wamupeza pa ntchito tsiku limenelo ali ndi anzake otani.

Ndikudziwa kuti pali zotsutsa, ndipo zina ndi zamphamvu. Choyamba, chithunzi sichikhudza. Dokotala amadziwa zambiri ndi chala: kulimba kwa m'mbali mwa chilonda, kutupa kwa m'khosi, ngati lilime likuyenda bwino. Foni yotchipa m'chipinda cha mdima imatha kujambula chilonda choopsa n'kuoneka ngati chabwinobwino. Ndipo khansa siitsimikizika ndi maso, ngakhale a katswiri. Imatsimikizika podula kachidutswa ka mnofu n'kukakapima ku labotale. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti ntchito ya chithunzi ikhale yosankha amene ayende ulendo ndi amene ayambe kuonedwa. Pamene pali chikayiko, wodwala apite. Ndi chifukwa chakenso ndikufuna kuti wojambula akhale wachipatala amene angakhudze ndi kufunsa, osati wodwala kudzijambula yekha pagalasi.

Chachiwiri, uphungu wa patali umakopa munthu kuti angolemba mankhwala. Tinaziona ku England mu 2020, pamene zipatala za mano zinatsekedwa kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka mu Juni chifukwa cha Covid-19. Madokotala ankathandiza anthu pafoni, ndipo mankhwala opha mabakiteriya amene ankalembera odwala anachuluka, chifukwa munthu ukalephera kumugwira chotsala ndi kumupatsa mapiritsi. Kuno kwathu, kumene makapisozi amagulidwa kale ngati maswiti, tiyenera kusamala kuwirikiza. Njira imene ndikunena ikhale ndi lamulo loti wodwala aliyense wothandizidwa patali aonedwenso pa tsiku loikika, ndipo wina alembe ngati chilondacho chapola.

Chachitatu ndi chinsinsi cha wodwala. Chithunzi cha m'kamwa chokhala ndi mawu onena ngati munthu ali ndi HIV si chinthu chosungidwa m'foni imene madzulo ana amaonerapo makatuni. Tonse tikudziwa mmene zithunzi zimathamangira m'magulu a WhatsApp. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, limene MACRA inapatsidwa udindo wolilondoloza, ndipo nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Ichi kwa ine ndi chifukwa chinanso chokhazikitsira njira yovomerezeka. Wodwala afunsidwe kaye m'chilankhulo chake, chithunzi chisaonetse nkhope, m'malo mwa dzina pakhale nambala, ndipo Medical Council of Malawi inene momveka kuti yankho likalakwika udindo uli pa ndani. Zomwe zikuchitika pano, mwa kudziwana, ndi zomwe zilibe chitetezo chilichonse.

Chachinayi ndi chimene chimandivuta kwambiri. Kodi pali phindu lanji kuuza mayi wa kumudzi kuti chilonda chake chikukayikitsa ngati alibe ndalama yofikira ku Lilongwe, kapena ngati akafika akadikira miyezi kuti zotsatira za ku labotale zituluke? Walira mvula walira matope. Tikayamba kupeza odwala ambiri, mzere wa ku zipatala zazikulu udzatalika, ndipo akatswiri ochepa omwewo adzafunika kupeza nthawi yowerenga zithunzi pamwamba pa ntchito imene ikuwapsinja kale. Sindikuona njira yozembera zimenezi. Nthawi ya katswiri yowerengera zithunzi iyenera kulowa pa ndandanda ya ntchito yake, isakhale chifundo cha usiku. Ophunzira a udokotala wa mano a chaka chomaliza akhoza kuthandiza kusanja zithunzi moyang'aniridwa, n'kumaphunzira matenda enieni a m'dziko lawo. Wodwala wotumizidwa akhale ndi tsiku lenileni, ndipo ambulansi ya boma imene imapita kale ku chipatala chachikulu imutenge. Koma kunena kuti tisayang'ane chifukwa tikhoza kupeza zambiri ndi kuvomereza kuti anthuwo azifa mwakachetechete kuti mabuku athu aoneke bwino. Odwalawo alipo kale. Amafikabe ku zipatala zazikuluzo, kungoti amafika mochedwa, pamene chithandizo chake n'chodula ndipo phindu lake n'lochepa.

Ena anganene kuti dziko limene likulimbana ndi malungo, kolera ndi imfa za amayi pobereka lilibe nthawi ya zilonda za m'kamwa. Lipoti la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo atatu mwa anayi alionse ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Pakamwa ndi podyera, polankhulira, popempherera ndi pophunzitsira. Munthu amene sangathe kutafuna amaonda, ndipo wodwala HIV amene m'kamwa muli zilonda amavutika kumeza ma ARV ake. Chomwe ndikupempha sichifuna nyumba yatsopano kapena makina ochokera kunja. Chikufuna maphunziro a masiku ochepa kwa azachipatala amene alipo kale, bandulo yolipiridwa ndi boma, malo otetezeka osungira zithunzi ndi munthu woyankha. Likhoza kuyamba boma limodzi lakutali, n'kuona pakatha chaka kuti zithunzi zingati zinatumizidwa, zinayankhidwa m'masiku angati, ndipo mwa otumizidwa ndi angati anafikadi.

Pomwe tikudikira a ku Capital Hill, ifeyo tili ndi gawo lathu. M'mabanja ambiri mwana wa ku koleji ndiye amafunsidwa chilichonse, kuyambira fomu ya ngongole mpaka tanthauzo la zimene adokotala alemba m'buku la kuchipatala. Udindo umenewu uli ndi msampha wake. N'kosavuta kujambula chilonda cha azakhali, kufufuza pa Google kapena kufunsa ChatGPT, n'kulengeza kuti ndi kuchepa kwa mavitamini basi. Ameneyo si katswiri, ndipo ifenso sitili akatswiri. Ntchito yathu ndi yaing'ono koma yofunika: kudziwa lamulo la masabata atatu ndi kulinena m'mawu amene agogo angamve. Wina kunyumba akadandaula za chilonda cha m'kamwa, funsani kuti chinayamba liti, lembani tsikulo, ndipo jambulani kuti mudzathe kufananiza. Chikapitirira masabata atatu, kapena pakakhala banga loyera kapena lofiira losachoka, chotupa m'khosi, dzanzi pa lilime, kapena dzino logwedera popanda chifukwa, aperekezeni kuchipatala ndipo mukanene momveka kuti chatha masabata angati. Mwana wamng'ono akatupa tsaya, m'kamwa mukununkha, musadikire ngakhale tsiku limodzi.

Ndipo inu anzanga amene mukuphunzira zamakompyuta n'kumasaka mutu wa pulojekiti ya chaka chomaliza, inu a zamalamulo amene mukuwerenga za chinsinsi cha uthenga wa anthu, ndi ife a zilankhulo amene tikhoza kuthandiza kupeza mawu osiyanitsa chilonda chodikirika ndi chosadikirika mu Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena, nayi ntchito yotifuna tonse. Madokotala a mano ophunzitsidwa m'dziko muno angoyamba kumene kutuluka, ndipo ndi a msinkhu wathu. Ambiri mwa iwo adzakhala m'mizinda, monga momwe ambiri a ife tidzachitire. Tiwathandize kuti maso awo azifika kumene miyendo yawo singafike.